Kukaziziritsa galu kugombe ku Cape Town: zomwe ntchito yoyendetsa agalu yatiphunzitsa

Amalawi ambiri amene tikugwira ntchito za m'nyumba ndi za m'gadeni kuno ku Cape Town sitinabwerere kudzayendetsa agalu. Ntchitoyi imangotigwera. Disembala akafika, dzuwa lili phwee, abwana akuthamangira kuntchito, amangokupatsa chingwe n'kunena kuti upite ndi agalu kugombe akazizidweko. Kumudzi galu amadziwa yekha chochita: kukatentha amakumba pansi pa nkhokwe n'kugona pa dothi lozizira mpaka dzuwa litapendeka. Galu wa kuno alibe nzeru imeneyo. Anakulira pa sofa, nthawi zambiri ndi wonenepa, ndipo akaona mpira amathamanga mpaka kugwa. Womuganizira ndi inuyo amene mwagwira chingwe, ngakhale pamene chingwecho mwachimasula.

Tiyambe ndi malo. Si gombe lililonse limene limalola agalu, ndipo pa magombe olola agalu si onse amene amalola kuwamasula. Khonsolo ya mzinda wa Cape Town imaika chikwangwani polowera, ndipo uthenga wake umakhala umodzi mwa itatu: agalu saloledwa, agalu akhale pa chingwe, kapena agalu akhoza kuthamanga momasuka. Malo odziwika omasulirako agalu ndi monga Long Beach ku Kommetjie, Sunset Beach kufupi ndi Milnerton, kagombe ka Mouille Point, Clifton First, ndi chigawo chapakati cha gombe la Hout Bay. Magombe ena amasintha malamulo malinga ndi nyengo, moti nthawi ya tchuthi amalola agalu m'mamawa ndi madzulo okha. Gombe lomwe likuulutsa mbendera ya Blue Flag, chizindikiro cha gombe laukhondo ndi lotetezeka, musapiteko ndi galu pa nyengo imene mbenderayo ili m'mwamba, ndipo ku Boulders kumene kuli mbalame za m'nyanja zotchedwa penguin musayerekeze n'komwe. Malamulowa amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho mawu omaliza ndi a chikwangwani, osati a mnzanu amene anapitako chaka chatha. Safunsa anadya phula.

Gombe la Noordhoek lili ndi nkhani yakeyake. Lili m'manja mwa Table Mountain National Park, ndiye woyendetsa galu amafunika chiphaso chotchedwa My Activity Permit chochokera ku SANParks, bungwe loyang'anira malo osungirako zachilengedwe. Chiphasocho chimakhala cha munthu, ndiye ngati cholembedwa ndi dzina la abwana chili m'kabati kunyumba, inu simuli otetezeka. Auzeni akudulireni chanu. Gombeli n'lalitali, pafupifupi makilomita 8, limadutsa mahatchi okwera alendo, ndipo cha ku zotsalira za sitima ya Kakapo, yomwe inatitimira mumchenga mu 1900, kumakhala kopanda anthu. Musapite kutali choncho muli nokha ndi foni m'manja.

Musanatuluke pageti, kambiranani ndi eni galu

Izi ambiri timazichitira manyazi, koma n'zimene zimateteza ntchito. Funsani zinthu zinayi. Kodi galuyu akaitanidwa amabwera? Kodi analumapo munthu kapena galu mnzake? Kodi katemera wake, makamaka wa chiwewe, ali m'nthawi yake? Nanga china chake chitachitika, ndithamangire kwa a vetenale ati, ndipo alipira ndani? Nambala ya a vetenale ndi ya chipatala cha ziweto chotsegula usiku zikhale mufoni yanu, osati pa furiji kukhitchini. Ngati n'kotheka mayankhowo akutumizireni pa WhatsApp kuti pakhale cholembedwa. Pa lamulo la dziko lino galu akavulaza munthu mlandu umayamba kugwera mwini wake, koma amene anali pamalopo, amene adzafunsidwe mafunso onse, ndi inu.

Agalu ena asiyeni kunyumba. Kagalu kamene sikanamalize katemera, kawirikawiri kosakwana masabata 16, kakhoza kutenga parvo, matenda otsegula m'mimba mwa magazi amene anthu kuno amawatchula kuti cat flu ngakhale kuti ndi a agalu. Galu wamkazi amene ali pa nyengo yofuna amuna amayambitsa ndewu gombe lonse. Galu amene ali ndi bala losapola kapena wangochitidwa opaleshoni asalowe m'madzi. Ndipo munthu mmodzi asatenge agalu oposa awiri ngati akufuna kuwamasula. Maso ndi awiri basi.

Zonyamula sizambiri, koma chilichonse chili ndi ntchito yake: chingwe chachifupi, chingwe chachitali cha mamita 5 mpaka 10, mbale, madzi akumwa, majumbo otolera chimbudzi cha galu atatu kapena anayi, thaulo lakale, ndi tizidutswa ta nkhuku yophika kapena chiwindi chouma tomunyengerera. Nyama youma ya biltong ayi, ili ndi mchere wambiri, ndipo mchere ndi umene tikuuthawa. Pakhosi pa galu pakhale kachitsulo kolembapo nambala ya foni.

Nthawi ndiye theka la nkhani yonse

Kulakwitsa kofala ndi kuganiza kuti popeza kwatentha kwambiri, ndiye nthawi yabwino yopita kunyanja ndi masana. Ayi. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Thukuta lake ndi lochepa, la kumapazi, ndipo amadziziziritsa popuma wefuwefu, lilime lili panja. Akamathamanga pamchenga wofewa minofu yake imapanga kutentha kochuluka kuposa kumene lilime lingachotse. Kafukufuku amene a Royal Veterinary College ku Britain anatulutsa mu 2020 anapeza kuti pa agalu anayi alionse amene anadwala chifukwa cha kutentha, pafupifupi atatu anadwala atathamanga kapena kuyenda, osati atatsekeredwa m'galimoto. Ndiye kuti ulendo womwewo wokamuziziritsa ndi umene ungamuphe.

Mu Disembala ndi Januwale kuno kumacha cha m'ma 5:30 ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku. Mpata ulipo wokwanira. Pitani isanakwane 9 koloko m'mawa, kapena ikadutsa 5 koloko madzulo. Abwana akanena kuti mupite 1 koloko masana, afotokozereni mwaulemu kuti mchenga uwotcha mapazi a galu, ambiri amamva. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani kuseri kwa dzanja lanu pamchenga wouma kapena pa phula la poimika magalimoto, muwerenge mpaka 7. Mukalephera kupirira, galunso sangapondepo. Phula la poimika magalimoto ndi limene limawotcha agalu ambiri, chifukwa munthu wavala nsapato ndipo sakumva kanthu. Mapazi opsa amaoneka madzulo ake: galu akutsimphina, akunyambita mapazi, khungu la pansi lasupuka n'kuoneka lofiira.

Onaninso nthawi ya madzi. Ife ozolowera ku Senga Bay kapena ku Nkhata Bay timaiwala kuti nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pafupifupi maola 6 aliwonse ikusintha, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Madzi akaphwa amasiya mchenga wonyowa, wolimba, wozizira, wabwino kuthamangapo, komanso tizithaphwi ta m'miyala momwe galu angagonemo. Akadzaza, magombe aang'ono amatsala kamzere chabe ndipo agalu onse amapanikizana pamodzi. Nthawi za madzi zimapezeka pa intaneti mwaulere.

M'galimoto musamusiye ngakhale mphindi zisanu zokagula buledi. Panja pakakhala madigiri 22 okha, mkati mwa galimoto yotseka mukhoza kufika madigiri 47 mu ola limodzi. Kumbuyo kwa bakkie yokhala ndi denga kumatentha chimodzimodzi, ndipo chitsulo cha pansi chimawotcha.

Madzi amchere

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri timagwa. Kunyanja ya Malawi galu akamva ludzu amangoweramira m'madzi n'kumwa, palibe vuto la mchere. Kuno lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35. Galu amayamba kudwala akameza magalamu 2 mpaka 3 a mchere pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndipo magalamu 4 pa kilogalamu akhoza kumupha. Werengani nokha. Galu wa makilogalamu 10 sakufunika kumaliza lita kuti adwale. Kagalu ka makilogalamu 4, ngati timene adona amanyamula m'manja tija, kapu imodzi ndi pang'ono yakwana.

Vuto n'lakuti galu samwa madziwo pakamodzi inu mukuona. Amameza pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene walumphira mpira m'mafunde kukamwa kuli yasa. Mukaponya mpira maulendo 40, ndiye kuti wameza maulendo 40. Mcherewo ukafika m'matumbo umakoka madzi a m'thupi, n'chifukwa chake chizindikiro choyamba ndi kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha, kotuluka mwamphamvu, nthawi zambiri muli m'galimoto pobwerera. Kukangokhala kutsegula kamodzi kapena kawiri, galu n'kumaoneka wanthanzi, mupatseni madzi abwino pang'onopang'ono, theka la kapu mphindi 20 kapena 30 zilizonse, ndipo mumusiye apume. Musamuikire ndowa yodzaza kuti amwe mmene angathere. Mchere wa m'magazi ukakwera umayenera kutsika pang'onopang'ono, ukatsika mwadzidzidzi ubongo umatupa. Akayamba kusanza mobwerezabwereza, kudzandira ngati woledzera, kunjenjemera kapena kugwa ngati wakhunyu, imeneyo si ya kunyumba ayi, thamangirani kwa a vetenale.

Kupewa kwake n'kotchipa. Galu amafuna madzi okwana mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse patsiku, ndiye Labrador wa makilogalamu 30 amamwa lita imodzi ndi theka kapena kuposerapo tsiku wamba, ndipo tsiku lotentha akhoza kuwirikiza. Nyamulani malita 2 a galu wamkulu aliyense, ndi chigubu china cha malita 5 chotsala m'galimoto. Mumwetseni asanaponde mchenga, kuti alowe m'madzi alibe ludzu. Kenako mphindi 15 zilizonse muitaneni, akhale pansi, amwe. Kuitanako kukuthandizaninso kuona mmene akupumira.

Mpira wa tenisi ndimaukana pagombe. Ubweya wake ukanyowa umamata mchenga, galu amameza mchengawo, ndipo ukachuluka umaumbika m'matumbo ngati simenti. Zizindikiro zimabwera patapita maola kapena mawa lake: kusanza, kukana chakudya, kudzikakamiza pochita chimbudzi koma osatuluka kanthu, mimba yowawa mukaigwira. Mpira wa labala wosalala ndi wabwinoko, ndipo chidole chafulati choyandama n'choposa zonse chifukwa galu sayasamula kwambiri pochigwira. Agalu okonda kukumba nawonso amameza mchenga wambiri. Mulekeni akumbe pang'ono, kenako mumusokoneze.

Madzi a m'mitsinje yothira m'nyanja asamwe, ngakhale alibe mchere. Milnerton Lagoon yakhala ikudetsedwa ndi zonyansa za m'masuweji kwa zaka zambiri, ndipo mtsinje wa Disa ku Hout Bay nawonso madzi ake sakhala odalirika. Mipope yotulutsa madzi a mvula pagombe ndi chimodzimodzi. Madzi oima obiriwira ndi ndere athaweni.

Kusambira

Si galu aliyense amatha kusambira. Bulldog, pug ndi anzawo a mphuno zophwatalala amalemera kutsogolo ndipo amamira msanga, komanso ndi omwewo amene amavutika kupuma kukatentha. Dachshund miyendo njaifupi. Agalu otere angoyenda m'madzi ofika m'mimba, basi zakwana, popeza pamimba ndi m'mphechepeche mwa miyendo ndi pamene ubweya uli wochepa ndipo thupi limazizira msanga. Galu woopa madzi musamuponyemo. Lowani inuyo mpaka m'maondo, mumuitane, adzabwera yekha tsiku lachiwiri kapena lachitatu.

Madzi a mbali ya Atlantic, kuyambira ku Blouberg kudzera ku Clifton mpaka ku Kommetjie, ndi ozizira zedi, ndipo chodabwitsa n'chakuti amazizira kwambiri m'chilimwe, kawirikawiri madigiri 10 mpaka 14. Chimachititsa ndi mphepo ya kumwera chakum'mawa, imene kuno amaitcha Cape Doctor. Imachokera mbali yomweyo imene mwera wa kunyanja kwathu umachokera, kungoti uno umaomba m'miyezi yotentha. Imakankhira madzi a pamwamba kutali, ndipo ozizira a pansi amakwera. Ku False Bay, monga ku Muizenberg ndi Fish Hoek, madzi amakhala ofundirapo. Ndiye ku Atlantic galu asambire mphindi 10 kapena 15, atuluke. Kagalu kakang'ono kapena kaubweya waufupi kakayamba kunjenjemera kapukuteni. Agalu okonda kusambira ngati Labrador nthawi zina amadzuka mawa lake mchira uli lende, osaugwedeza, akulira mukaugwira patsinde. Ndi minofu ya mchira yomwe yatopa m'madzi ozizira, ndipo imachira m'masiku ochepa akapuma. Musamupatse mankhwala a anthu ochepetsa ululu. Brufen imawononga impso ndi m'mimba mwa galu, ndipo Panado naye ndi woopsa mukaphonya muyeso.

Choopsa chachikulu ndi madzi okokera m'kati. Mafunde akaswekera kumtunda, madziwo amabwerera m'nyanja kudzera pa kanjira kamodzi, ngati mtsinje wothamanga. Pamalo pamenepo pamaoneka pabata, madzi ake akuda kapena a mchenga, mafunde sakusweka, ndiye munthu wosadziwa amati pabwino ndi pomwepo. Mphamvu yake imakula masiku amene mwezi uli wathunthu ndi pamene uli mumdima. Mpira muziponya motsata gombe, m'madzi osaya, osati molunjika m'nyanja. Galu akakokedwa, musamutsatire. Ndikudziwa kuti mumtima mumabwera mantha a ntchito, kuti ndikawauza chiyani abwana, koma anthu ambiri amamira akupulumutsa galu, galuyo n'kutuluka yekha cha kutsogolo. Yendani m'mbali mwa gombe mukumuitana kuti asambire chopingasa, ndipo imbani 112 pa foni ya m'manja mupemphe a NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja. Pa magombe ambiri anaikapo zoyandamitsa za pinki zopachikidwa pa mtengo, ndipo pa chikwangwani chake pali nambala yoimba ndi nambala ya malowo.

Galu akatenthedwa

Kutentha kwa thupi la galu wathanzi ndi madigiri 38 mpaka 39. Kukadutsa 41 ziwalo za m'kati zimayamba kuwonongeka. Simukhala ndi choyezera pagombe, ndiye yang'anani lilime. Galu amene wangotopa amapuma wefuwefu koma akamwa madzi amatseka kukamwa. Wotenthedwa lilime limatalika, limatambasuka kunsonga ngati chipande, limafiira kwambiri, milomo imakokekera kumbuyo mpaka mano a kumapeto kuoneka, dovu limakhala lolimba lonanda. Amafunafuna mthunzi, amagwetsa mpira n'kugona, kapena amachedwa kumva mukamuitana. Pamenepo masewera atha, ngakhale patapita mphindi imodzi atolenso mpira n'kukubweretserani. Zikapitirira amadzandira, amasanza, nkhama zimasanduka zotuwa kapena zabuluu ngati za munthu wobanika, kenako amagwa.

Zikafika apo lamulo ndi ili: yambani mwamuziziritsa, kenako ndiye muthamangire kuchipatala. Musataye mphindi 20 pamsewu galu akupsa. Ngati ndi wamng'ono msinkhu, wathanzi, ndipo akudziwa zimene zikuchitika, mulowetseni m'madzi osaya mutagwira mutu wake m'mwamba. Ngati ndi wokalamba, wodwaladwala, kapena wakomoka, mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse kupatula kumaso, makamaka pamimba, m'khwapa ndi m'mphechepeche, wina akumukupiza. Chigubu cha malita 5 chija ntchito yake ndi imeneyi. Musamufunditse thaulo lonyowa, limafunda msanga n'kutsekera kutentha m'kati. Musamuthire madzi m'kamwa mokakamiza, angatsamwe. Kupuma kukayamba kutsika, mukwezeni m'galimoto ali chinyowere, mawindo otsegula, ndipo imbirani a vetenale muli m'njira. Ngakhale aoneke kuti wachira, apitebe, chifukwa kuwonongeka kwa impso ndi kwa magazi kumatha kuonekera patapita tsiku limodzi kapena awiri.

Zotola pamchenga

Galu amayenda ndi mphuno, ndipo gombe ladzaza ndi zinthu zonunkha zimene kwa iye ndi ndiwo. Choyamba ndi ma seal, nyama za m'nyanja zooneka ngati akatumbu akuluakulu. Kuyambira mu June 2024 zinatsimikizika kuti ma seal ena a kuno ali ndi chiwewe. Ife a ku Malawi chiwewe sitichita kufotokozeredwa. Seal wamoyo kapena wakufa, galu asayandikire, mumangeni chingwe muli patali. Lamulo la South Africa limakakamiza kuti galu aliyense abayidwe katemera wa chiwewe ali ndi miyezi itatu, abwerezenso chaka chisanathe, kenako zaka zitatu zilizonse. Galu akalumidwa ndi seal apite kwa a vetenale tsiku lomwelo ngakhale anabayidwa. Mukalumidwa inuyo, tsukani bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo pitani kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira mawa.

Chachiwiri ndi nsomba yodzitukumula imene anthu kuno amaitcha blaasop. Ili ndi poizoni woumitsa minofu mpaka galu kulephera kupuma, ndipo palibe mankhwala othetsa poizoniyo, a vetenale amangothandiza thupi kuti lipirire. Mu Malichi 2021 nsomba zimenezi zinakokolokera kumtunda zambirimbiri ku False Bay. Ikauma padzuwa poizoni wake satha. Galu akangoitafuna, musadikire zizindikiro.

Pali ma bluebottle, timatumba tabuluu tokhala ndi ulusi wautali woluma, timene mphepo imatikankhira kumtunda. Timaluma ngakhale titafa. Chotsani ulusiwo ndi kamtengo kapena jumbo, osati ndi dzanja, ndipo tsukani ndi madzi a m'nyanja, osatikita. Nkhope ikayamba kutupa kapena akavutika kupuma, kuchipatala. Nkhono za m'nyanja zokhala m'miyala asadye, makamaka pamene kwalengezedwa kuti madzi afiira ndi ndere ya poizoni.

Pamene pali asodzi a mbedza, galu akhale pa chingwe. Nyambo yotsala pa mbedza imanunkhira patali. Mukaona ulusi ukulendewera kukamwa kwa galu, musakoke, mbedza ikhoza kung'amba kummero. Musaudulenso waufupi, chifukwa akameza wonse a vetenale avutika kuupeza. Umangirireni momasuka ku lamba wa m'khosi, mupite naye. Ndipo Lolemba m'mawa, anthu atawotcha nyama Loweruka ndi Lamlungu, pamchenga pamatsala mafupa a nkhuku, timitengo tobayira nyama, zitsononkho za chimanga ndi makala okwiriridwa amene akadali amoto. Chitsononkho sichigayika, chimatseka matumbo, ndipo chimatuluka ndi opaleshoni.

Kumtunda kwa gombe, pamene mchenga wouma ukukumana ndi zitsamba, mbalame zakuda za milomo yofiira zotchedwa oystercatcher zimaikira mazira pamchenga penipeni m'miyezi yomweyi ya chilimwe. Galu akazithamangitsa, mazira amapsa ndi dzuwa kapena amadyedwa ndi mbalame zina. Mukaona malo otchingidwa ndi chingwe, kapena mbalame ikulira mokuwa ikuzungulira pafupi nanu, tsikirani ku mchenga wonyowa. M'zitsamba zomwezo mulinso nkhupakupa ndi njoka, ndipo cha ku Kommetjie ndi Scarborough kumatsika anyani, amene akhoza kung'amba galu wamkulu.

Kumasula chingwe

Chikwangwani chikalola, sizitanthauza kuti galu wanu ndi wokonzeka. Galu amene sabwera mukamuitana m'gadeni sadzabwera pagombe pamene pali mbalame, ana ndi agalu ena makumi awiri. Ndiponso galu womvera abwana sikuti amvera inu. Masabata awiri oyambirira gwiritsani chingwe chachitali chija, chomangirira ku lamba wa pachifuwa osati wa m'khosi, kuti akathamanga n'kufika kumapeto asathyoke khosi. Muitaneni kamodzi, ndi mawu omwewo amene eni ake amagwiritsa ntchito. Akabwera, kanyama, kumusisita, n'kumulola apitenso. Ambiri timalakwitsa poitana galu pokhapokha nthawi yobwerera kunyumba ikakwana. Amaphunzira msanga kuti kuitanidwa ndiye kutha kwa chisangalalo, ndipo amayamba kuima patali mamita atatu akukuyang'anani. Pa maulendo khumi omuitana, asanu ndi anayi azibwereranso kukasewera. Akachedwa kubwera musamukalipire pofika, chifukwa iye amamva kuti walangidwa chifukwa chobwera. Akathawa musamuthamangitse, kwa iye ndi masewera. Itanani dzina lake mokweza n'kuthamangira mbali ina, ambiri amatembenuka n'kukutsatirani.

Musamasule chingwe polowera penipeni. Pamenepo ndi pamene agalu amakumana maso ndi maso ali ndi mphamvu zonse, ndipo msewu uli pafupi. Yendani kaye mamita 50 kapena 100. Mukaona munthu akubwera ndi galu wa pa chingwe, itanani wanu, pali chifukwa chimene anamumangira. Chimodzimodzi mukaona ana aang'ono, anthu akudya, kapena mahatchi. Si onse amakonda agalu, ndipo mawu oti saluma sathandiza mwana amene wagwetsedwa kale. Agalu akamasewera bwino matupi amakhala ofewa, amasinthana kuthamangitsana, amaima n'kuyambiranso. Mukaona wina wauma thupi, mchira uli njo m'mwamba, waika chibwano pamsana pa mnzake, alekanitseni isanayambe. Ikayamba, manja anu asafike kumutu. Athireni madzi, kapena aliyense agwire miyendo yakumbuyo ya galu wake n'kukokera chammbuyo ngati wilibala.

Chimbudzi cha galu tolani, ndi lamulo la mzinda ndipo pali chindapusa. Kukwirira ndi mchenga si kutola. Kawirikawiri galu amachita m'mphindi zisanu zoyambirira, ndiye nthawi imeneyo foni ikhale m'thumba.

Ulendo wonse mphindi 45 mpaka ola limodzi n'zokwana kwa galu wathanzi, ndipo kwa wokalamba kapena wonenepa mphindi 20. Asadye chakudya chambiri ola limodzi kapena awiri musananyamuke, ndiponso mukafika kunyumba dikirani ola limodzi. Agalu akuluakulu a chifuwa chakuya, monga Great Dane, German Shepherd ndi Boerboel, chifu chawo chimatha kudzaza mpweya n'kupotokola. Mukaona mimba yatupa ngati ng'oma, akuyesa kusanza koma osatuluka kanthu, akungoyendayenda osakhazikika, ndi nkhani ya maola ochepa, ngakhale pakati pa usiku.

Mukafika kunyumba mutsukeni ndi madzi a pampopi, opanda sopo, mpaka mchenga utasiya kutuluka. Mchere ukatsala umayabwa, galu amakanda, ndipo pansi pa ubweya wonyowa pamabuka chilonda chonyowa chimene chimakula usiku umodzi. Vulani lamba wa m'khosi aume payekha. Tsegulani zala za mapazi chimodzichimodzi, muone ngati muli mabala a zigoba kapena magalasi. Makutu ogwa ngati a spaniel apindireni m'mwamba, mupukute ndi thonje pamene chala chikufika, osalowetsa kamtengo. Galu akamapukusa mutu masiku otsatira, kapena khutu likamanunkha, layamba kudwala. Agalu oyera a mphuno yapinki amapsa ndi dzuwa pamphuno, kunsonga za makutu ndi pamimba, ndiye pemphani eni ake agule mafuta oteteza a agalu, chifukwa a anthu ambiri amakhala ndi zinc oxide amene amadwalitsa galu akanyambita.

Pomaliza papasani thupi lonse ndi manja kufuna nkhupakupa: m'makutu, m'khosi, m'khwapa, pakati pa zala. Nkhupakupa za kuno zimafalitsa matenda otchedwa biliary, amene amaphwanya magazi ngati malungo. Amaonekera patapita sabata imodzi mpaka atatu: galu wafooka, wakana chakudya, watentha thupi, nkhama zayera kapena zachita chikasu, mkodzo wasanduka wofiirira. Mukapeza nkhupakupa, lembani tsikulo mufoni ndipo auzeni eni galu madzulo omwewo, kuti akadzadwala a vetenale adzadziwe poyambira.